Pansi pa puloti yathu ku Petauke panali kale eni ake

Lolemba lapitali ndinakwera minibasi yocokera m'tauni kupita ku Kaunda Square nditaika kacigoba ka majarini pamiyendo. Tinali anayi pampando wa anthu atatu, monga mwa masiku onse. Basi ikagunda hampu kacigoba kaja kanali kulira gwedegwede, ndipo amai amene anakhala pafupi nane anayamba kukaponyera diso la m'mbali. Titapitirira Manda Hill analephera kupirira.

"Imwe, muli na cani umo? Si mankhwala?"

Ndinatsegula. Munali mapale 13, tizidutswa ta miphika yadothi, ndi tizibuluma tiwiri takuda tolemera ngati citsulo. Amai aja anaseka mpaka ba kondakita anaceuka.

"Manje munthu mukulu so, kunyamula mapale mu town? Ise kwathu timakazingilapo nshawa!"

Sindinawayankhe bwino cifukwa anatsikira pa Munali. Ngati nyuzipepala ino iwafika m'manja, yankho lao ndi ili.

Ambiri a ife amene timapanikizana m'mabasi m'mawa uliwonse tili ndi kanyumba kamene tikumanga kwathu, mwezi uno matumba awiri a simenti, mwezi wamawa malata anayi. Kanga kali ku Petauke, pa puloti ya kumapeto kwa boma, pamalo pamene panali minda ya cimanga ndi nshawa ine ndili pasukulu. Ndikumangira amai, amene atopa ndi lendi. Ine ndimatumiza ndalama pa foni, woyang'anira nchito ndi amalume.

Kumapeto kwa Seputembala amalume anandiimbira ndili ku nchito. Iwo saimba foni, amangopeja kuti ine ndiimbe. Conco nditaona kuti akudya thokotaimu yao, ndinadziwa kuti kwagwa zina.

"Anyamata aleka kukumba cimbuzi," anatero m'Cinsenga cao. "Akuti apeza vinthu pansi. Niziwa lini kuti ni manda olo ni cinji. Uwele uone weka."

Mau akuti manda ndiwo anandizizira m'mimba. Manda pa puloti ndi mlandu wofika kwa amfumu ndi kupolisi, ndipo ngakhale mlanduwo utatha, amai anga sangagone tulo m'nyumba yotero. Ndalama za zaka zitatu zinali pamenepo. Lacisanu mbandakuca ndinali pa Intercity, ndipo madzulo, titadutsa Chongwe, Rufunsa, mlatho wa Luangwa, mapiri a Kacholola ndi Nyimba, makilomita pafupifupi 400, ndinaimirira m'mphepete mwa dzenje lija.

Linali lofika m'ciuno. Pamwamba dothi linali lofiirira, lija la m'munda. Pofika m'mawondo panali mzere wakuda wa phulusa ndi makala, wozungulira dzenje lonse ngati lamba, ndipo m'mzeremo munali mapale atatuluka m'cipupa. Pansi pake dothi linayeranso, kenaka kumunsi kwenikweni, pamene piki inalekera, panali mapale ena ndi tizibuluma takuda tija. Fupa panalibe ngakhale limodzi. Ndinapuma.

Anansi anali atasonkhana kale. Mnyamata wina anatola kabuluma kamodzi n'kuyamba kukakanda ndi mpeni, kufuna kuona ngati mkati mukunyezimira. Kwathu kuno munthu akamva kuti pansi papezeka cinthu, maganizo amathamangira ku golide, ndipo n'zosadabwitsa: mgodi wa Sasare unayamba kale m'nthawi ya atsamunda, ndipo mpaka lero anyamata amasefa mcenga m'mitsinje ya ku Lusangazi ndi ku Nyimba. Bambo wina anati mwini munda wakale anakwirirapo mankhwala, tiitane abusa. Amene anathetsa phokoso ndi ambuya ena okalamba oyendera ndodo. Anasuzumira m'dzenjemo kamodzi cabe n'kunena kuti pamenepa ndi pa bwinja, panali mudzi, ndipo zakudazo n'zotsalira za ng'anjo, zimene osula anali kutaya akamaliza kusungunula citsulo. Atafunsidwa kuti unali mudzi wa yani, anati pamene iwo anakwatiwira kuderali anapeza pali kale thengo.

Apa ndiulule colakwa canga, cifukwa nkhani yonseyi yagona pa ico. Ndinalumphira m'dzenje, n'kuzula mapale onse amene ndinawaona, a pa mzere wakuda ndi a kumunsi, n'kuwaponya m'kacigoba kamodzi. Madzulo ndinawatsuka ndi sopo ndi mswaci wakale mpaka anayera mbee. Ndinali kudziona ngati munthu wophunzira amene wapulumutsa cuma ca dziko.

Pobwerera ku Lusaka ndinatsikira pa Nyimba kuti ndigone kwa amai aang'ono. Amene mumayenda mseu wa Kum'mawa mumawadziwa azimai a pamenepo, aja amathamangira basi ndi mikoko ya nthoci isanaime n'komwe. Amai aang'ono ndi mmodzi wa iwo. Koma ndi mwananso wa woumba: ambuya anga, amene anamwalira ndili wamng'ono, anali kuumba mbiya ndi miphika m'dera la amfumu a Ndake, ndipo amai aang'ono ndiwo anali kuwapondera dothi.

Basi yotsiriza itapita, anayala thumba pansi n'kukhuthula kacigoba kanga. Sanaseke. Anatenga phale lililonse, kulisisita ndi cala, kuliyang'ana m'mphepete, n'kuliika kumanja kapena kumanzere. Kumanja kunapita asanu ndi anayi, opyapyala, okhala ndi timadontho todindidwa m'mizere yopendama pafupi ndi khosi la mphika. Amenewa anati ndi ao ndithu, ambuya anali kudinda cimodzimodzi ndi kacidutswa ka cikho kosemedwa mano ngati cipeso, dothi likali lofewa. Anatha ngakhale kundiuza limene linali la mphika wa ndiwo ndi limene linali la mtsuko. Kumanzere kunatsala anayi, okhuthala, a milomo yonenepa, okhala ndi mizere yakuya yokokedwa mozungulira. Anawatembenuza nthawi yaitali.

"Aya niyaziwa lini," anatero. "Si ya kwasu."

Mzimai amene analekera giredi 4 anacita pa thumba la fetereza zimene akatswiri ofukula zakale amacita pa thebulo. Ndinazindikira zimenezi nditafika ku Lusaka n'kukhala masiku awiri mu laibulale.

Munthu amene anafukula kwambiri m'cigawo ca Kum'mawa ndi David Phillipson, amene anali kugwira nchito ku bungwe loyang'anira zakale m'zaka zoyamba za ufulu wathu. Anakumba m'mapanga a Makwe ku Katete, Thandwe ku Chipata ndi Kalemba ku Chadiza, ndipo zimene anapeza anazilemba m'buku lake la mu 1976, The Prehistory of Eastern Zambia. Pa Kalemba pokha anapeza kuti anthu anakhalapo kuyambira zaka zopitirira 30,000 zapitazo, akusema zida zamiyala. Koma gawo limene linandigwira ine ndi la miphika. Iye anaona kuti ca m'ma 1000 kapena 1100 kunafala kaumbidwe katsopano, ka miphika yopyapyala yodindidwa ndi kacipeso, koumba azimai, ndipo anakacha dzina la mtsinje wathu, Luangwa. Kaumbidwe kameneka sikanafe. Kanapitirira pakati pa Ansenga, Acewa, Abisa, Abemba ndi ena mpaka m'masiku a ambuya anga. Ndiye kuti timadontho timene amai aang'ono anatizindikira pa Nyimba ndi siginecha ya azimai imene yakhala ikupatsirana kucokera kwa mai kupita kwa mwana kwa zaka pafupifupi 1,000.

Kaumbidwe ka Luangwa kasanabwere kunali kena, ka miphika yokhuthala, ka alimi oyamba amene anafika m'maiko ano ndi makasu acitsulo ndi mbeu. Akatswiri amakacha Chifumbaze, dzina la phanga la m'cigawo ca Tete ku Mozambique, kumene Carl Wiese anakumba mu 1907. Inde, Wiese yemwe uja, Mjeremani wogula minyanga amene anakhala kwa Mpezeni. Mudzi wina wa alimi oyambawo unapezeka pa Kamnama, kumpoto kwa Chipata pafupi ndi malire a Malawi, ndipo ndi wa zaka za m'ma 300 kapena 400 Yesu atabadwa.

Manje mverani iyi, inu a mu Lusaka. Wina unapezeka mu mzinda uno. Pa Kapwirimbwe, cakum'mawa kwa tauni, Phillipson yemweyo anafukula m'ma 1960 mudzi wa zaka za m'ma 400, wodzala mapale, zibuluma za dothi ndi zotsalira zambiri za ng'anjo. Ku Olympia Park, pa Twickenham Road, kunapezekanso bwinja lina, ndipo malowo ali pa mndandanda wa zipilala za dziko. Timaphunzitsidwa kuti Lusaka anayamba mu 1905 ngati kasiteshoni ka njanji n'kukhala likulu mu 1935. Zoona. Koma anthu anali kusula makasu pano zaka 1,500 njanji isanafike, ndipo basi imene mwakwerayi mwina ikuyenda pamwamba pa khichini ya munthu.

Zaka za m'ma 400 zimenezi n'zodziwika bwino m'mabuku a mbiri, koma cifukwa ca anthu ena. Ndi nthawi imene ufumu wa Aroma unali kutha mphamvu. Ulamuliro wao ku Britain unatha ca m'ma 410, ndipo mfumu yao yotsiriza ya kumadzulo inacotsedwa pampando mu 476. Pamene osula a pa Kapwirimbwe anali kupukusa mivukuto yao, mizinda ya Aroma ku Ulaya inali kusanduka mabwinja. Ndipo pamwamba pa mabwinjawo panadzamangidwa mizinda imene ilipo lero, conco azungu naonso akamakumba maziko amagunda zinthu, monga anyamata a amalume.

Nkhani yochuka ndi ya ku London. Nkhondo yaciwiri itagwetsa nyumba zambiri pakati pa mzindawo, anthu anafuna kumanga maofesi atsopano pamalo ochedwa Walbrook. Asanayambe, ofukula zakale motsogozedwa ndi W. F. Grimes ndi Audrey Williams analoledwa kukumbapo, ndipo anapeza zipupa za kacisi womangidwa ca m'ma 240. Mu Seputembala 1954, pa tsiku limene anayenera kumaliza, anatulutsa mutu wa fano wosemedwa pa mwala, n'kudziwa kuti kacisiyo anali wa mulungu wa asilikali a Ciroma, Mithras. Manyuzipepala atalemba, anthu zikwizikwi anaima pamzere kuti aone, mzere woposa wa pa City Market tsiku la mvula. Nkhaniyo inafika mpaka ku nyumba ya malamulo.

Musaganize kuti kumeneko cuma cinagonja. Omanga anangodikira masabata owerengeka, kenaka miyala ya kacisi inazulidwa, maofesi anamangidwa, ndipo mu 1962 kacisiyo anamuunjikanso pamalo ena capafupi, mosalongosoka. Panapita zaka zambiri kuti kampani ya Bloomberg, itagula malowo, imubwezere pamene anali. Kuyambira mu 2017 munthu amalowa m'nyumba ya maofesi yamakono, n'kutsika masitepe mamita 7 pansi pa mseu, n'kupeza kacisi wa Aroma. Pokumba kaciwiriko anapezanso timatabwa tolembapo topitirira 400. Kamodzi kali ndi deti la 8 Januwale caka ca 57, ndipo polembedwapo n'ciyani? Munthu akuvomera kuti ali ndi nkhongole kwa mnzake. Kaloba sanayambe ndi ife, mwandi.

Mamita 7 amenewo ndi dothi limene linakwera pang'onopang'ono: nyumba kugwa, zinyalala kutayidwa, wina kusalaza n'kumangapo, yakenso kugwa. Zimacitika paliponse pamene anthu akhalitsa. Kusiyana n'kwakuti Aroma anamanga ndi miyala ndi njerwa zoocha, conco wokumba akagunda cipupa amadziwa kuti wagunda cipupa. Makolo athu anamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu. Nyumba yotero ikasiyidwa, ciswe cimadya mitengo, mvula imasungunula cipupa, ndipo pakapita zaka khumi pamatsala kacitunda cabe. Cipupa cimapulumuka kokha ngati nyumbayo inapsa ndi moto, pamene dothi limauma ngati njerwa n'kusunga zidindo za mitengo. Zina zonse zimene mudzi umasiya ndi zija zinali m'dzenje lathu: mzere wa phulusa, makala, mapale, zotsalira za ng'anjo, mwina mphero kapena mkanda umodzi. Kwa mnyamata wa piki amene walonjezedwa ndalama akamaliza dzenje, zimenezi ndi dothi lakuda basi.

Ndiye cifukwa cake mukafunsa ku Petauke kapena ku Nyimba kuti zakale zili kuti, anthu amakulozerani zomanga alendo. Adzakuuzani za Old Petauke, kumene kunali boma loyamba lisanasamukire pamene lili lero. Adzachula mishoni ya Nyanje ya mu 1905, kapena ya Hofmeyr ku Nyimba ya mu 1914. Odziwa zambiri adzakutumizani kumunsi kwa mlatho, ku Feira ndi ku Zumbo, kumene Luangwa amathira mu Zambezi, kumene Apwitikizi anakhazikika m'zaka za m'ma 1700 n'kumagula minyanga yocokera ku Unsenga. David Livingstone atadutsa ku Zumbo mu Januwale 1856 anapeza chalichi ca miyala citagwa kale ndi belu losweka lili pansi. Zonsezi n'zoyenera kusungidwa, sindikutsutsa. Koma zimandiwawa kuti mbiri ya dera lonse la Kalindawalo, Ndake, Nyalugwe, Luembe ndi Mwape tikuiyambira pa tsiku limene mlendo anaocha njerwa yoyamba, ngati kuti kale kunali nyama zokhazokha. Pa mwambo wa Tuwimba timavina ndi kukamba za makolo, pamene mbale zimene makolowo anadyeramo tikuzithira mu wilibala kukakwirira cithaphwi ca pa geti.

Tsopano ndibwerere ku colakwa canga cija. Mnzanga wina amene anaphunzira za mbiri yakale ataona kacigoba kanga, funso lake loyamba linali lakuti phale lililonse linacokera pa msinkhu uti. Ndinati onse ndi a m'dzenje limodzi. Anagwira kumutu.

Anandifotokozera motere, ndipo inu mumva msanga kuposa ine. Minibasi ikamadzaza pa siteshoni, woyamba kukwera amapita ku back seat, wotsiriza amakhala pakhomo pafupi ndi kondakita. Munthu wobwera pambuyo angathe kuyang'ana n'kudziwa amene anayamba kufika. Koma basi ikafa panjira, onse n'kutsika n'kuima m'mbali mwa mseu, palibenso angadziwe. Nthaka ili cimodzimodzi: ca pansi cinayamba, ca pamwamba cinatsatira. Mapale anayi okhuthala aja akanakhala kuti onse anacokera kumunsi, ndipo asanu ndi anayi aja pa mzere wakuda, bwenzi tikunena kuti pa puloti ya amai panakhala midzi iwiri yosiyana nthawi, wina pamwamba pa unzake. Ine ndinatsitsa onse m'basi n'kuwasakaniza.

Ndiye panali makala. Cinthu ciliconse camoyo cimakhala ndi mtundu wina wa kaboni umene umayamba kucepa cikafa, theka lake pa zaka pafupifupi 5,700. Akatswiri akapima kaboni wotsala m'kala amadziwa nthawi imene mtengowo unadulidwa, ndipo zaka za kalalo zimakhala zaka za phale limene linagona nalo pamodzi. Umu ndi mmene zaka za Kapwirimbwe ndi Kamnama zinadziwikira. Makala a m'dzenje lathu ine sindinawayang'ane n'komwe, ndinali kufuna zokongola. Ngakhale mwaye ndi zopserera za m'kati mwa mphika zimatha kuulula zimene zinaphikidwamo. Ine ndinazicotsa ndi mswaci.

Cimene cinanditonthoza pang'ono n'cakuti dzenje likalipo, ndipo zipupa zake zikali ndi mizere yao. Komanso zinthu zazikulu zambiri za m'dziko lino sanazipeze ndi maprofesa. Cigaza ca munthu wakale ca ku Kabwe cinatuluka mu 1921 m'manja mwa okumba mgodi, ndipo mpaka lero cili ku London. Ingombe Ilede, kufupi ndi kumene Lusitu amathira mu Zambezi, inadziwika mu 1960 pamene anchito anali kukumba maziko a thanki ya madzi. Anagunda manda a anthu olemera a zaka pafupifupi 500 zapitazo, oikidwa ndi mikanda yagolide, mitanda yamkuwa, mikanda yagalasi yocokera kutsidya kwa nyanja ndi nsalu. J. H. Chaplin ndi Brian Fagan, amene maina ao ali m'mabuku, anabwera nkhani itawapeza. Pakanapanda munthu woimitsa piki n'kukauza wina, lero pakanakhala thanki cabe.

Kuimitsa piki kumeneku si cifundo ca munthu, ndi lamulo. Lamulo la mu 1989 limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission limateteza zomanga, mabwinja, manda ndi zipangizo za anthu za caka ca 1924 cisanafike. Limati wopeza cinthu cooneka ngati cakale adziwitse bungweli pasanathe masiku 14, ndipo aimitse nchito pamalo apafupi ndi cinthuco kwa masiku 30 kucokera pamene wapereka lipoti, pokhapokha bungwelo litamulola kupitiriza. Kufukula kapena kutulutsa zinthuzi m'dziko popanda cilolezo ndi mlandu. Ine, ndi dipuloma yanga ya utolankhani, ndinalidziwa lamuloli mapale ali kale pa windo la ku Kaunda Square.

Nditawawerengera amalume pa foni, anakhala cete, kenaka anandifunsa mafunso atatu amene mpaka pano akundivuta. Mvula ikubwera mu Novembala, ndani adzaiuza kuti idikire masiku 30? Matumba 20 a simenti ali m'nyumba ya eni, akauma adzabweza ndani? Ndipo akabwera a boma n'kunena kuti pamalopo m'pofunika, mlongo wao akagona kuti?

Sanali kukamba zopusa. Ku London amene anadikira masabata aja inali kampani ya ndalama zake. Kuno wodikira ndi mphunzitsi, nesi, kondakita, mzimai wa pa Soweto, munthu amene wasonkha makobiri zaka zitatu. Maganizo anga ndi akuti lamuloli ndi labwino koma katundu wake wagwera wosauka, ndipo malinga ngati anthu akuopa kuti kunena ndi kutaya puloti, adzapitiriza kukwirira mwakacetecete. Ndikhulupirira kuti ambiri amene mukuwerenga muli ndi m'bale amene anapezapo mphika wathunthu pokumba citsime n'kuuphwanya ndi fosholo cifukwa ca mantha. Ku Petauke ndi ku Nyimba mapuloti akudulidwa m'minda mwezi ndi mwezi, mashopu ndi malo ogona alendo akumera m'mbali mwa Great East Road, ndipo dzenje lililonse la maziko, la citsime kapena la cimbudzi likutsegula nthaka imene sinatsegulidwepo. Nyumba ikakhala pamwamba ndi silabu yake, pamenepo patsekeka kwa mibadwo.

Komanso tisakuze zinthu. Mapale 13 m'dzenje la cimbudzi si Ingombe Ilede. Kawirikawiri cimene wofukula zakale amafuna pamalo otero ndi kuona cipupa ca dzenje, kujambula mizere yake, kutola makala pang'ono ndi kulemba pa mapu kuti apa panali mudzi. Kadontho kamodzi pa mapu sikanena zambiri, koma timadontho 50 pakati pa Nyimba ndi Petauke tingaonetse kumene anthu anayamba kukhala, mitsinje imene anatsata ndi kumene anali kusungunula citsulo. Ndipo zimene wopeza angacite tsiku loyamba sizifuna ndalama: kusiya zinthu pamene zili, kujambula ndi foni ataika bokosi la macisi pambali kuti kukula kuoneke, kupima kuya kwake ngakhale ndi ndodo, ndi kudziwitsa a bungwe lija, a ku Lusaka National Museum kapena ofesi ya DC. Akaona mafupa a munthu, oyamba kuuzidwa ndi amfumu ndi apolisi. Sopo ndi mswaci azisiye kubafa.

Ine ndi amalume tinakangana masiku atatu, thokotaimu yonse ili yanga. Amai ndiwo anadula mlandu. Anati iwo safuna kukhala pa cimbudzi cokumbidwa pakhomo pa anthu ena, kaya anthuwo anafa liti. Conco tinagwirizana kuti cimbudzi cisamukire ku ngodya ina ya puloti, kufupi ndi mtengo wa mango. Maziko a nyumba, amene ali patali ndi dzenje lija ndipo sanatulutse kanthu, apitirire. Dzenje loyamba lisakwiriridwe. Anyamata ndinawalipira kawiri, ndipo anandiyang'ana ngati munthu amene tauni yamusokoneza mutu. Kalata ndinalemba, ndi zithunzi zimene mwana wa amalume anajambula ataimika muyezo wa telala m'dzenjemo, ndipo m'kalatamo ndinavomera kuti mapale ndinawasakaniza ndine. Lolemba lija, pamene amai a pa Munali anali kundiseka, ndinali kucokera kukawaonetsa mnzanga uja kuti awalembe manambala, kuti pokawapereka akhale m'timapepala tao, anayi paokha, asanu ndi anayi paokha, monga anawagawira amai aang'ono.

Dzulo usiku amalume anapeja. Nditaimba anati dzenje latsopano lafika m'khosi ndipo mulibe ciliconse, dothi lofiira lokhalokha. Lakale analivundikira ndi malata awiri n'kutsendereza ndi mabuloko, cifukwa kambuzi ka aneba kanagweramo Lacitatu. Mitambo yayamba kusonkhana cakum'mwera, ku mbali ya Mozambique.

"Uwauze wanthu wako afulumile," anatero. "Malata yala ni ya pa mutenje."